Za filimu ija ya mlonda yomwe simuchitika kanthu

Ndikuchenjezeretuni kuti mu filimu ndikufuna kukamba panoyi mulibe ndewu, mulibe chibwenzi, mulibe mfiti youluka pa lichero, mulibenso apongozi ankhanza aja amati kumapeto agwade nkumapepesa uku akulira. Muli bambo mmodzi, geti lachitsulo, mpando wothyoka mwendo ndi usiku. Basi. Ngati muli mgulu la aja mumati mukamaonera filimu chala chili pa rimoti kuthamangitsa kuti mufike pomwe ayambe kuomberana, iyiyi mutha kuithamangitsa mpaka kumapeto osapeza poima.

Anaipanga ndi mtsikana wina wa konkuno ku Lilongwe, mnzake wa msuweni wanga, dzina ndisiye kaye poti mwini wake sakonda zotchulidwatchulidwa. Ntchito yake yomwe imamudyetsa ndi kujambula maukwati, zinkhoswe ndi ma bridal shower, nde filimuyi anaijambula ndi kamera yomweyo ya maukwatiyo, mbali zina ndi foni. Ndi ya mphindi pafupifupi 40. Anationetsa pa khonde la nyumba ina ku Area 47, projekita yobwereka, nsalu yoyera ya pabedi ataipachika pa waya woyanikapo zovala, sipika imodzi yomwe imalira ikafuna. Tinalipo anthu ochepa ndipo ena ndikuganiza anabwera poyesa kuti kuli kuwotcha nyama. Isanafike ndi pakati pomwe nkhope zambiri zinali zikuwala ndi mafoni, mkulu wina anadzuka nkuti akukayankha foni panja, mpaka lero akuyankhabe kkkk.

Poyambirira kamera yangoima malo amodzi osasuntha. Ukuona geti cha mkati, pambali pake kanyumba ka alonda kaja koti mphasa singakwanemo, ndi bambo wachikulire wa zaka za m'ma 60 atavala chijasi chachikulu ndi chipewa cha ulusi, wakhala pa mpando wa pulasitiki womwe mwendo umodzi anachita kuumanga ndi waya. Akuyatsa mbaula. Ndikati akuyatsa mbaula musayese kuti angoonetsa machesi kenako moto wayaka ayi, timaonera zonse, kusankha makala mu jumbo nkusiya fumbi lake, kuwayala, kung'amba katoni, kulowetsa kapulasitiki pakati kuti moto ugwire msanga, machesi oyamba kuzima ndi mphepo, achiwiri kuthyoka, achitatu nkugwira, kenako kupemerera ndi chivindikiro cha ndowa mpaka utsi kuchepa. Nyimbo palibe. Chomwe ukumva ndi chivindikiro chija, agalu a nyumba ina akuuwa patali, ndi jenereta ya aneba. Akatero amaotha manja, nkutulutsa kawayilesi kakang'ono mthumba, mabatire anachita kuwamanga ndi labala kumbuyo, ayatse, chimangoti fooo, azimitse, abwezere mthumba.

Kenako panja pamveka hutala. Bambo aja adzambatuka, ndipo kathamangidwe kawo ndi komwe kanayamba kundigwira, munthu wamkulu msinkhu wa bambo anga kuthamanga chowerama, dzanja lina lagwira chijasi kuti chisavuke, lina likusakasaka makiyi mthumba. Atsegula geti, magetsi a galimoto awawala kumaso mpaka nsalu yonse ija kuyera mbee, galimoto idutsa magalasi otseka. Bwana sitimuona, filimu yonse saonekamo olo chala. Atseka geti, abwerera pa mpando. Papita nthawi, mtsikana wantchito atuluka ndi beseni la chakudya cha agalu, adutsa kutsogolo kwawo osapatsana moni, pobwerera awasiyira kapu ya tiyi pansi pafupi ndi phazi. Ngati mukufuna zochitika, za theka loyamba ndi zimenezo.

Chomwe chikuipangitsa kukhala yachilendo ndi choti zomwe ukuona ndi zomwe ukumva siziyendera limodzi. Usiku onsewo madalawa pa kamera satsegula pakamwa olo kamodzi. Mawu awo anawajambula padera tsiku lina, nde amangobwera pamwamba pa zithunzi, munthu ali phee kuyang'ana makala koma iwe ukumumva akuyankhula ngati uli mmutu mwake. Ndipo amafotokoza nkhani imodzi yomweyo katatu, ya mmene anachokera kwawo ku Dedza kupita ku Joni. Koyamba akuti inali njala ija ya 2002, chimanga chitasowa anthu mpaka kumadya gaga ndi mizu, iwo anagulitsa mbuzi ziwiri ndi njinga nkupeza ya thiransipoti. Ulendo wachiwiri, geti lomwelo mpando womwewo, akuti ayi za njala zinali zongoonjezera, chenicheni anakangana ndi malume ake a mkazi wawo pa nkhani ya dimba, paja anali pa chikamwini, anawauza kuti mkamwini sayankhula pa za nthaka ya eni ake, mmawa mwake analawirira osatsanzika. Kachitatu, apa nkuti kunja kukuyamba kuyera ndipo ku mzikiti ayamba kuitana, akuti anapita kukasaka bambo awo.

Bambo awowo anapita ndi Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito, kukagwira mmigodi iwo ali kamnyamata, ndipo sanabwerere. Achinyamata a pano mwina Wenela mumangoimva dzina, koma amuna masauzande ambirimbiri a dziko lino anadutsira mmenemo kupita ku migodi ya ku South Africa, mpaka mu April 1974 pomwe ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown ku Botswana nkupha Amalawi oposa 70, Kamuzu nkuletsa zolemba anthu. Zinadzayambiranso pansi pa TEBA, bungwe lomwe linalowa mmalo mwa Wenela, nkudzatheratu cha mu 1988. Bambo a madalawa sanali mu ndege imeneyo, anangokhala mmodzi mwa matchona, makalata anasiya kubwera basi. Nde mu filimumo akuti nkhope ya bambo awo saikumbukanso, amayesa kuiitana mmutu koma imabwera ya malume awo, chomwe chinatsala ndi bokosi lachitsulo lomwe anabwera nalo pa tchuthi chimodzi, bulangeti lolemera, ndi fungo la sopo wofiira uja. Chithunzi palibe. Sichinatayike ayi, sichinajambulidwe nkomwe.

Mtsikanayu sanatiuze kuti mwa zitatuzi yoona ndi iti, ndipo ndinamukonda pa chimenecho. Wina pa khonde paja anati nde kuti madalawa ndi abodza. Ine sindikuona bodza. Funsani mayi anu lero chifukwa chomwe anasiyira sukulu, mudzawafunsenso pa maliro chaka chamawa, mudzamva zina, ndipo zonse adzanena ndi mtima umodzi. Munthu amasankha choti akumbukire malinga ndi yemwe akumuuza komanso ola lake, ya njala ndi youza mlendo, ya dimba ndi youza munthu amene wakhala nawe kanthawi, ya bambo ija imatuluka tambala atalira pomwe watopa kudziteteza. Mafilimu athu ambiri amadana ndi zimenezi, amafuna munthu akhale ndi chifukwa chimodzi chomveka bwino kuti kumapeto tiphunzirepo kanthu, paja ife filimu yopanda phunziro timaiona ngati yaba nthawi yathu.

Pali pena pomwe kamera imayang'ana pansi pa mphasa, manja a madalawa nkumayala mapepala atatu. Khadi la chipani la nthawi ya Kamuzu, lija linali lokakamiza loti popanda ilo ku msika sulowa basi sukwera, lafiirira mmbali koma analisunga mu pepala la shuga. Kapepala kena ka ku Joni kokhala ndi dzina lomwe si lawo, akuti anachita kubwereka kwa munthu wina kuti apeze ganyu yosamalira maluwa ku Johannesburg, nde kwa zaka zoposa khumi amaitanidwa dzina la mwini wake mpaka kuzolowera kutembenuka. Chachitatu ndi chiphaso cha unzika chija tonse tinafola mizere mu 2017, pomwe anthu oposa 9 miliyoni analembetsa miyezi yochepa chabe. Tsiku lobadwa lomwe lili pamenepo akuti anangogwirizana ndi kalaliki pompo, poti mayi awo amangoti unabadwa chimanga chikumasula. Anabwerera kuno mu 2015 pa mabasi aja boma linatumiza anthu akuthawa zipolowe zothamangitsa obwera, anatsika ndi kachikwama kamodzi, kumudzi anapeza mkazi anakwatiwa kalekale, ana akuwapatsa moni wa mlendo, anakhalako pang'ono nkubwera mtauni. Zimenezi sakuzinena modandaula, akuzinena mmene munthu amanenera mtengo wa sopo. Ndipo kamera siichoka pa mapepala aja, chala chawo chikungowasuntha, ili patsogolo, ili pambuyo.

Itatha, magetsi a pakhonde atayatsidwa, panabuka mkangano womwe kwa ine unali wokoma kuposa zakumwa zomwe zinalipo. Achimwene ena a tayi, aja amayankhula atapinda mikono, anati sisi mwayesetsa koma izi ndi zachizungu, kusungulumwa kotereku ndi matenda a ku Ulaya, ife Amalawi sitikhala tokha, paja akulu anati kali kokha nkanyama tili tiwiri ntianthu. Anthu anavomera ndi mitu. Mayi wina yemwe anakhala chete nthawi yonseyi anangofunsa kuti, achimwene, alonda a kunyumba kwanu dzina lawo ndani? Achimwene aja anaseka, nkuti aaa mayi, ife timangoti agadi. Anthu anaseka nawo koma kuseka kwake kunali kwa mmano.

Pa zoti ndi zachizungu, mbali ina sananame. Mafilimu oyenda pang'onopang'ono chonchi azungu anayamba kalekale. Mu 1975, chaka chomwe likulu limasamuka ku Zomba kubwera kuno, mayi wina wa ku Belgium, Chantal Akerman, anatulutsa filimu ya maola oposa atatu yomwe nthawi yambiri umangoonera mzimayi akusenda mbatatesi, kutsuka mbale, kuyala pabedi, ndipo mu 2022 akatswiri omwe anafunsidwa ndi magazini ya Sight and Sound anaiika pa nambala 1 mwa mafilimu onse. Nde kajambulidweko ndi kobwereka, inde, monganso kamera yomwe ndi projekita. Koma bambo wa pa geti uja sanamubwereke ku Brussels. Ali ku Area 10, ali ku Area 43, ali ku Area 47 komwe tinakhala kuja, mwina pomwe timaonera filimuyo wina anali panja pa geti lomwelo akulondera magalimoto athu.

Ine ndimaona kuti mzinda unowu anaumanga mokhala ngati cholinga chinali choti anthu asamakumane. Anaujambula pa pepala kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndalama zina zoyambira inali ngongole ya boma la tsankho la ku South Africa, nkuugawa mma Area, olemera uku, apakati uku, osauka uko, pakati pake tchire ndi misewu italiitali. Manambala ake omwe sakuthandiza, Area 23 ndi Area 25 ungayese ndi oyandikana pomwe wina ali kummwera wina kumpoto cha ku Kanengo, kuti uchoke kwina ufike kwina ukwere maminibasi awiri nkudutsa mu depoti. City Centre ikangokwana 6 madzulo ndi bwinja. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilimo anthu pafupifupi 1 miliyoni, koma yesani kudwala muli nokha mu boys quarter ya ku Area 18 muone kuti agogode ndi ndani. Kenako tinaonjezera tokha mipanda ya njerwa, pamwamba magalasi oswa, kenako waya wamagetsi, kenako agalu, kenako munthu woti azikhala pakati pa mpanda ndi nyumba usiku onse, mnyumba salowa, kunja satuluka. Mmawa mukaima pa msewu wochokera ku Mtandire kapena ku Kauma mudzaona mizere ya anthu oyenda pansi kulowera ku mayadi, amayi antchito ndi anyamata a maluwa, akusemphana ndi alonda omwe akuweruka maso ali gwa, chibonga chomangirira pa kaliyala. Amadutsana tsiku ndi tsiku pa mlatho umodzimodzi koma ena akupita kokagona pomwe ena akudzuka.

Mu April 2020 boma litalengeza kuti tonse tibindikire mnyumba masiku 21 chifukwa cha Covid, mavenda anachita zionetsero, khothi lalikulu nkuimitsa, dziko lonse linati ife zokhala kwatokha sitingathe tifa ndi njala. Zinali zoona. Koma nthawi yomweyo tinali ndi anthu omwe ntchito yawo ndi kubindikira kuyambira 6 madzulo mpaka 6 mmawa, chaka chonse, Khrisimasi yomwe, ndipo palibe amene anaona chachilendo.

Koma chomwe ndakhala ndikuchiganizira kwambiri si mzindawu ayi, ndi zithunzi. Taganizani bwino, Mmalawi mumamuona ali yekha pa kanema liti? Dziko lino linalibe wayilesi ya kanema mpaka 1999 pomwe TVM inayamba, tinali mgulu la maiko omalizira mu Africa. Zaka zonse za Kamuzu panali lamulo la 1968 lopatsa mphamvu bungwe lounika mafilimu ndi mabuku kuti liziletsa chomwe silinakonde, ndipo kanema yemwe amafika kumudzi anali wa pa galimoto ya boma, kukhoma chinsalu pa bwalo la sukulu, kuonetsa Ngwazi ikuyendera mbewu, mbumba ikuvina, anthu miyandamiyanda mmbali mwa msewu akukupiza manja. Agogo athu ngati analowa mu kamera analowamo ngati kadontho mkati mwa chigulu chovala nsalu imodzi. Demokalase itabwera makamera anachuluka koma nkhani ndi yomweyo, msonkhano wa chipani, kwaya ikugwedezeka mmbali mwa nyanja, ukwati, maliro, perekaniperekani. Ukaona Mmalawi ali yekha pa kanema nde kuti ndi zija za mabungwe, mayi waima pa khomo la nyumba yake mwana kumsana, pansi alemba dzina ndi zaka ndi vuto lake, iyeyo akuimira amayi ena zikwizikwi, ayankhule masekondi makumi awiri kuthokoza thandizo kenako achoke. Munthu wotero sali yekha, wasenza chigawo chonse pamutu.

Nde kuona bambo wa Chimalawi atakhala yekha kwa mphindi 40, osaimira aliyense, osapempha kanthu, osathokoza aliyense, osatiphunzitsa kusamba mmanja, kungokhala ndi maganizo ake omwe enanso ndi osokonekera, ine ndinali ndisanazionepo. Ndikuganiza kuti nchifukwa chake anthu amathawira pa foni. Timadziwa chochita ndi munthu wolira, timadziwa chochita ndi munthu wovina, koma munthu wongokhala tikamuyang'ana nthawi yaitali timayamba kumangika tokha, umayamba kudzifunsa kuti kodi ine ndikakhala ndekha nkhope yanga imaoneka bwanji.

Kwathu chithunzi cha agogo anga aakazi chilipo chimodzi, cha mu situdiyo, aima chowuma pafupi ndi maluwa a pulasitiki, nsapato zikuoneka kuti ndi zobwereka poti zawakulira. Ana a mchemwali wanga amawadziwa agogo amenewo basi, mayi wosaseka wa nsapato zazikulu, pomwe munthuyo anali wa nthabwala woti pa mtondo anthu amagwa ndi phwete. Pano tili ndi mafoni, timajambula chilichonse mpaka mbale ya chipisi, koma foni ikabedwa mu depoti kapena memore ikafa zaka zisanu zapita, ndipo zomwe timajambulazo ndi zomwe zija za situdiyo, tavala bwino, taima bwino, tikuoneka mmene tikufuna atikumbukire.

Apa mpomwe filimuyi inandipatsa chinthu chomwe sindinayembekezere, ndipo sichinachokere kwa wojambula koma kwa madala eni ake. Mtsikanayu akuti atamaliza kulumikiza anapita kukawaonetsa iwo kaye pa laputopu mkanyumba kawo kaja, poti anagwirizana kuti palibe aonere iwo asanavomere, ndipo kangachepe anawapatsa, ndinafunsa dala zimenezo chifukwa ojambula ambiri amangodyera anthu osauka nkhope. Madala anaonera yonse osayankhula. Itatha akuti anati, mwana wanga, zili bwino, koma bwanji mwandionetsa ndi chijasi chong'ambikachi usiku okhaokha ngati ndilibe zovala? Ine suti ndili nayo. Anthu a kwathu akadzaona adzati ku Lilongwe ndikuvutika.

Funso limenelo ndi lolemera kuposa zonse zomwe tinakambirana pa khonde paja. Ife ophunzira timakonda chijasi chong'ambika chifukwa timati ndiye zenizeni, mwini wake akuti zenizeni ndi suti. Ndani ali ndi ufulu wonena kuti munthuyu ndi uyu? Mtsikanayu sanachotse za usiku zija, koma anabwereranso masana Lamulungu lina nkuwajambula mmene amafunira, ndipo ndi pomwe filimu imathera. Dzuwa lili phwee, madala avala suti ya bulauni yotakata mapewa, tayi, nsapato zopolisha, aima kunja kwa geti osati mkati, manja kumbuyo, akuyang'ana mu kamera mwachindunji koyamba mu filimu yonse. Aima choncho nthawi yaitali, kabaza adutsa kumbuyo kwawo nkucheuka, iwo osasuntha, kenako akonza tayi pang'ono nkufunsa kuti, yatheka? Ndi mawu okhawo omwe timawaona akutuluka pakamwa pawo.

Sikuti zonse zinandikomera. Chapakati pali chigawo china chomwe sisi anaonjeza, kamera kuizondotsa, nkhope kuionetsa mmadzi a mu ndowa uku akuwavundula, mitundu kusinthasintha yofiira yobiriwira, mxii, zinangokhala ngati akufuna tidziwe kuti iyeyo ndi katswiri. Kenakonso pamatuluka mizere ya ndakatulo ya Chingelezi pa sikirini yomwe madalawo sananene ndipo sangawerenge, ndinamufunsa kuti imeneyi mwalembera ndani, anavomera yekha akuseka kuti ndi ya azungu a ku ma festival, paja kuti filimu yotere ipeze ndalama ndi kunja basi, kuno ukapita ku kampani kukapempha thandizo amafunsa kuti logo yathu ikhala pati. Ndikumumvetsa koma ndakatuloyo ichoke. Pomwe anachita bwino zedi ndi pomwe magetsi a mu Area monse anazima akujambula, iye osasiya, nde kwa kanthawi ndithu nsalu ili bii, kungooneka kadontho kofiira ka makala, nkumamveka ma voice note omwe mwana wawo wamkazi amatumiza pa foni ya mtsikana wantchito uja poti madala foni yawo ndi ya mabatani. Bambo muli bwanji, kuno feteleza wakwera, mwana akudwaladwala, mukapeza kangachepe mutumize. Wina, bambo simunayankhe. Winanso, bambo kaya mwakwiya. Pa khonde paja pamenepo olo amafoni aja anadzutsa mitu, chifukwa voice note imeneyo tonse tili nayo, ena ndife otumiza ena ndife osayankha.

Tsono nkhani yafika pena posekesa. Malo oonetsera mafilimu otere mu Lilongwe muno ndi osowa, kuiika pa YouTube mtsikanayu akuti akudikira kaye ayese mwayi kunja, komanso ndani angaphe bandulo yake kuonera munthu akuyatsa mbaula. Nde anapatsa mchimwene wake wina pa flashi kuti akaonere kunyumba ku Kawale, mchimweneyo nkukaisiya kwa anyamata aja amaika mafilimu mmafoni ndi mma memore, ndipo mukudziwa zomwe anyamata amenewo amachita ndi mafilimu a ku China ndi ku India, amawaikira mawu a Chichewa mwini filimu osadziwa. Anamva kuti mu filimuyi muli malo ambiri opanda mawu, kwa iwo umenewo ndi munda wosalima. Pano ikuzungulira ina yomwe mnyamata wina akuyankhula pamwamba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Madala akamayatsa mbaula iye ali, eee apa biggie akuganiza za katapila, machesi omwe akuwakana. Galimoto ikamalowa, bwana afika atakhuta, taonani olo moni. Pa suti paja anaikapo mpaka kanyimbo ndi mfuu ngati wagoletsa chigoli.

Mtsikanayu wakwiya kobasi, akuti amuonongera ntchito ya chaka chathunthu, kukhala chete kuja ndiye kunali filimuyo. Ndikumumva ndipo pa luso ali ndi mfundo. Koma ndinaionera ya mawuyo pa foni ya kondakitala wina tikudikira minibasi idzaze, anyamata anayi ataunjikana pa kasikirini kosweka, ndipo anaonera mpaka ku suti, pomwe ife a ku Area 47 theka tinalephera. Amaseka inde, koma mmodzi anati awawa ndi ankolo anga enieni, nawonso anabwera ku Joni chimanjamanja, nkuyamba kukangana okhaokha kuti mwa nkhani zitatu zija yoona ndi iti, wina kumenya pa mpando kuti ndi ya dimba basi, chikamwini sichinthu. Ndamuuza mtsikanayu kuti asalimbane nazo, olo atafuna sangazitolere mma memore monse, iye akuti ine sindikumvetsa ndipo pakali pano sakundiyankha bwinobwino pa WhatsApp.

Madalawo anawaonetsanso ya mawuyo. Akuti anaseka mpaka kutsokomola, nkunena kuti iyiyi nde filimu tsopano, ndipo apempha kuti awaikire imeneyo mu memore atumize ku Dedza ndi munthu wa minibasi, koma ayambire pa suti.